Hedi ya besi ndi bokosi la masipika: mafunso ndi mayankho pa nkhani ya ma ohm ndi ma watt

Mafunso ali m'munsimu ndi amene amabwerabwera kuchokera kwa oyimba besi a m'mabandi, a m'matchalitchi, komanso kwa amene anangopatsidwa makiyi a chipinda cha zida za kwaya popanda wowalangiza. Ambiri amafunsa utsi utatuluka kale. Ngati muli pachangu, werengani funso lachitatu, lachinayi ndi lachisanu musanalumikize chilichonse.

1. Kodi hedi n'chiyani, ndipo ikusiyana bwanji ndi kombo?

Hedi ndi ampu (chida chokweza mawu) yokhayokha, yopanda sipika. Gitala ya besi imalowa kutsogolo, ndipo kumbuyo kumatuluka kebulo yopita ku bokosi la masipika, lomwe ena amalitcha kabineti. Kombo ndi ampu ndi sipika zomwe zili m'bokosi limodzi, ndipo opanga anazigwirizanitsa kale ku fakitale. Mwini kombo sada nkhawa ndi ma ohm kufikira tsiku limene wafuna kuwonjezera bokosi lina, pomwe mwini hedi nkhaniyi imamupeza tsiku logula lomwelo.

Mabokosi amatchulidwa ndi chiwerengero cha masipika ndi kukula kwake: 4x10 ndi masipika anayi a mainchesi 10, ndipo 1x15 ndi sipika imodzi ya mainchesi 15.

2. Nambala ya ma ohm yolembedwa kumbuyo kwa bokosi ikutanthauza chiyani?

Ikuonetsa mmene bokosilo limalimbira kuti magetsi ochokera mu ampu adutsemo. Dzinali linachokera kwa Georg Ohm wa ku Germany, amene anafotokoza lamulo la kayendedwe ka magetsi mu 1827. Mabokosi ambiri a besi ndi a 8 kapena a 4. A 16 amapezeka kwambiri kwa oyimba gitala wamba.

Chimene chimasokoneza anthu n'chakuti nambala ikachepa, ntchito ya ampu imakula. Taganizirani za mapaipi awiri otuluka pa thanki: yopyapyala imatulutsa madzi pang'onopang'ono, yaikulu kamwa imakoka ambiri nthawi imodzi. Bokosi la 8 ndi paipi yopyapyala, la 4 ndi yaikulu kamwa. Choncho la 4 limakoka magetsi ochuluka, ndipo ampu imatenthanso kwambiri.

Nambalayi ndi yongoyimira. Ma ohm enieni a sipika amakwera ndi kutsika malinga ndi mawu amene ikutulutsa, koma powerengera timagwiritsa ntchito yomwe yalembedwa pabokosipo.

3. Hedi yanga yalembedwa kuti 4 ohms minimum. Kodi ndingalumikize bokosi la 8?

Inde, bola ikhale hedi ya ma transistor kapena ya Class D (mtundu wopepuka wa ampu za ma transistor), zomwe ndi zambiri mwa zimene zili pamsika masiku ano. Mawu amenewo akutanthauza kuti musatsike pansi pa 4. Kukwera si vuto. Ampu imangotulutsa mphamvu yocheperapo, n'kumayenda ili yozizira bwino. Hedi ya Fender Rumble 500 imapereka ma watt 500 (watt ndi muyeso wa mphamvu) pa bokosi la 4, ndipo 350 pa la 8. Markbass Little Mark III imapereka 500 pa 4 ndi 300 pa 8. Hartke HA3500 ndi 350 pa 4 ndi 240 pa 8.

Onetsetsani pamenepa pogula: nambala yaikulu yolembedwa kutsogolo kwa hedi kawirikawiri ndi ya pa 4. Ndi bokosi limodzi la 8 simuipeza yonse, koma monga muonera pa funso 11, zimene mwatayazo n'zochepa kuposa mmene mukuganizira. Hedi ya machubu (timabotolo tagalasi togwira ntchito m'malo mwa ma transistor) ili ndi malamulo ake, onani funso 7.

4. Nanga ndikatsika pansi pa nambala imene ampu imalola, chimachitika n'chiyani?

Ampu imakakamizika kutulutsa magetsi oposa amene ma transistor ake angapirire. Yamakono imadziteteza: imazima yokha, kagetsi kofiira n'kuyaka, ikazizira n'kuyambanso. Yakale kapena yotchipa imaphulitsa fyuzi, apo ayi ma transistor amapsa, ndipo nthawi zina amapserera limodzi ndi sipika.

Choopsa chake n'chakuti sizichitika nthawi yomweyo. Poyeserera masana ndi voliyumu yochepa zonse zimamveka bwino. Ndinaziona pa ukwati wina mwezi wa Okutobala, m'holo ya malata kukutentha kosaneneka. Woyimba besi anabwereka bokosi lachiwiri kuti mawu adzaze holo. Perekaniperekani atafika pachimake, azakhali a mkwatibwi ali pakati ndi ndalama m'manja, besi inangoti zii. Patapita mphindi ziwiri inabwerera, kenako zii kachiwiri. Mnyamata wina anayima kumbuyo n'kumapepesera hedi ndi katoni, ena akunena kuti ndi jenereta. Titatembenuza mabokosi tinapeza kuti lake linali la 8, lobwerekalo la 4, ndipo hedi inali yosatsika pansi pa 4. Tinazula kebulo imodzi, besi inayimba mpaka anthu kubalalika.

5. Ndikalumikiza mabokosi awiri kapena atatu, ndiwerengera bwanji?

Mabowo a masipika a kumbuyo kwa hedi pafupifupi nthawi zonse amakhala olumikizana mwa njira yotchedwa parallel, ndipo panjira imeneyi bokosi lililonse lowonjezera limatsitsa ma ohm. Ngati mabokosi ndi ofanana, gawani nambala ya limodzi ndi chiwerengero cha mabokosi. Awiri a 8 amapereka 4. Awiri a 4 amapereka 2. Atatu a 8 amapereka 2.67, anayi a 8 amapereka 2.

Akakhala awiri osiyana, chulukitsani manambala awiriwo, kenako gawani ndi zimene mwapeza powaphatikiza. La 8 ndi la 4: 8 kuchulukitsa ndi 4 ndi 32, 8 kuphatikiza 4 ndi 12, ndipo 32 kugawa ndi 12 ndi 2.67. Ndi zomwe zinachitika pa ukwati uja. Yankho lanu likakhala lalikulu kuposa nambala yaing'ono pa awiriwo, mwalakwitsa masamu, bwerezani.

Kwa mwini hedi ya 4, njira zotetezeka ndi zitatu basi: bokosi limodzi la 8, awiri a 8, kapena limodzi la 4. Mabowo awiri kumbuyo kwa hedi sakutanthauza kuti lililonse lingatenge bokosi la 4. Nambala yolembedwayo ndi ya onse pamodzi. Zilipo hedi zotsika mpaka 2, monga Mesa Subway D-800 yomwe ili ndi switchi yake ya zimenezi, koma musangoganizira kuti yanu ndi yotero. Werengani kumbuyo.

6. Ndikachotsa kebulo pa bokosi loyamba kupita pa lachiwiri, m'malo mochokera ku hedi, masamu asintha?

Ayi. Anthu ambiri amaganiza kuti mabokosi akatsatizana ngati ngolo ndiye kuti ma ohm aphatikizana n'kukwera. Mabowo awiri a kumbuyo kwa bokosi nawonso ndi a parallel, choncho ampu imaona katundu yemweyo wa pa funso 5. Njira yophatikiza ma ohm, yotchedwa series, imafuna kebulo yopangidwira zimenezo kapena kusintha mawaya m'kati mwa bokosi. Pamenepo awiri a 4 amapereka 8. Imathandiza amene ali ndi mabokosi awiri a 4 ofanana ndendende koma hedi yake ndi yosatsika pansi pa 4. Kebulo yoteroyo ilembeni chizindikiro chooneka, chifukwa ikasakanikirana ndi zina idzasokoneza wina.

7. Bwanji hedi ya machubu amati ndi yosiyana?

Chifukwa pakati pa machubu ndi masipika pamakhala thiransifoma, ndipo imafuna katundu wolingana ndi bowo kapena switchi imene mwasankha. Bokosi la 4 lipite pa bowo la 4, mabokosi awiri a 4 apite pa 2. Ubwino wake ndi wakuti mphamvu sisintha: ma watt ndi omwewo pa bowo lililonse, bola mwagwirizanitsa.

Kuno kukweza ma ohm si kotetezeka ngati pa funso 3, ndipo choipitsitsa ndi kuyimba hedi ili yoyaka popanda bokosi. Mphamvu imasowa kolowera, imabwerera mu thiransifoma ngati magetsi okwera kwambiri, n'kuboola zotchinga mawaya ake. Thiransifoma imeneyo ndi chimodzi mwa zida zodula kwambiri mu ampu yonse. Kebulo ya sipika yoduka m'kati imachita chimodzimodzi, choncho mawu akangosiya kumveka, siyani kuyimba n'kuzimitsa.

Chitsanzo chodziwika ndi Ampeg SVT, yomwe inatuluka mu 1969 ndi ma watt 300, ndipo a Rolling Stones anayenda nayo pa ulendo wawo wa ku America chaka chomwecho. SVT-CL ya masiku ano imalandira 4 kapena 2 basi, choncho bokosi limodzi la 8 si lake. Imalemera pafupifupi makilogalamu 36, pomwe Little Mark III ili cha m'ma 3, ndipo amene ananyamulapo SVT pamasitepe amadziwa chifukwa chake ambiri anasamukira ku Class D.

Hedi yokhala ndi kachubu kamodzi kutsogolo kongokometsera mawu, monga HA3500, si ya machubu pa nkhani iyi. Mbali yake yotulutsa mphamvu ndi ya ma transistor, ndiye tsatirani funso 3.

8. Bokosi langa ndi lakale, pepala la kumbuyo linachoka. Ndidziwa bwanji ma ohm ake?

Tengani multimeter (mita yoyezera magetsi), ikani pa ma ohm otsika, lumikizani kebulo ku bokosi, ampu itachotsedwa, n'kuyeza kumapeto kwa kebuloyo. Nambala imene muone idzakhala yocheperapo kuposa yeniyeni, chifukwa mita imayeza ndi magetsi a batire osati a nyimbo. Bokosi la 8 limaonetsa pakati pa 5 ndi 7, la 4 limaonetsa cha m'ma 3. Yambani mwagunditsa timawaya ta mita tokhatokha kuti muone nambala imene timawonjezera, n'kuichotsera.

Yezaninso ngakhale pepala lilipo, ngati bokosilo ndi logula kwa munthu kapena linapitapo kokonzetsa. Sipika ikapsa, amisiri ambiri amakulunganso koyilo (waya wokulungidwa m'kati mwa sipika) pamanja, ndipo waya akakhala wonenepa mosiyana kapena mizere ikachepa, ma ohm amasintha. Enanso amaikamo sipika iliyonse yokwana pabowo. Ma ohm a sipika imodzi sakuuzani za bokosi lonse: bokosi lotchuka la Ampeg la 8x10 lili ndi masipika asanu ndi atatu a ma ohm 32 iliyonse, omwe pamodzi amapereka 4.

9. Pa bokosi palembedwa RMS, program ndi peak. Ndikhulupirire iti?

RMS, yomwe ena amalemba kuti continuous. Ndi mphamvu imene koyilo ingapirire kwa nthawi yaitali isanapse. Program kawirikawiri imakhala RMS kuchulukitsa kawiri, peak kanayi, moti bokosi limodzi lomwelo litha kulembedwa 300, 600 kapena 1200 malinga ndi nambala imene wogulitsa waikonda. Poyerekeza hedi ndi bokosi, yerekezani RMS ndi RMS. Za PMPO, zija zimalembedwa zikuluzikulu pa makatoni a mawailesi a m'nyumba, musatayirepo nthawi.

10. Hedi yanga ndi ya ma watt 500, bokosi ndi la 300. Kodi liphulika?

Osati chifukwa chongolumikiza. Ampu situlutsa ma watt 500 nthawi zonse. Imatulutsa malinga ndi mmene mwatsegulira komanso mmene mukukhudzira nsambo. Ndiponso yambani mwaona ngati 500 imeneyo ndi ya pa ma ohm a bokosi lanu. Ngati ndi la 8, mwina hedi ikungopereka 300 kapena 350.

Sipika imafa m'njira ziwiri. Yoyamba ndi kutentha: koyilo imapsa, mumamva kafungo ka vanishi wopserera, ndipo mukakankha pepala la sipika pang'onopang'ono ndi zala limakhula m'kati. Nambala ya RMS imanena za imfa imeneyi yokha. Yachiwiri ndi kukankhika mopitirira: pepala limapita kutsogolo ndi kumbuyo kuposa malire ake mpaka koyilo kugunda pansi kapena m'mphepete kung'ambika. Pa besi, iyi ndi imene imabwera msanga. Nsambo ya E imalira pa ma hertz 41 (kunjenjemera ka 41 pa sekondi), ya B pa besi ya nsambo zisanu pa 31, ndipo kumunsi kumeneko masipika ambiri amafika pa malire ake asanalandire ma watt onse olembedwa. Bokosi la 300 litha kuvulala ndi ampu ya 200 ngati mwatembenuza batani la bass mpaka kumapeto.

Mwamwayi, sipika imadandaula isanafe. Mawu akuya amayamba kubwibwinya, kapena mumamva kuti pha pha mukamenya nsambo mwamphamvu. Mukamva zimenezo, bwezani bass kaye, kenako voliyumu. Ngati hedi ili ndi batani la HPF, lomwe limadula mawu otsikitsitsa osamveka n'komwe, ligwiritseni ntchito. Vuto ndi lakuti pa siteji yaphokoso kudandaulako sikumveka, ndiye ngati zida zimagwiridwa ndi anthu ambiri, monga kutchalitchi, ndi bwino bokosi likhale la ma watt ofanana ndi a hedi kapena oposerapo.

11. Ndigule bokosi la 4 kuti nditulutse mphamvu yonse ya hedi, kapena la 8?

Ine ndimati la 8, pokhapokha ngati ndi bokosi lalikulu lomwe simudzaliwonjezera, monga 6x10 kapena 8x10. Khutu silimva ma watt mmene maso amawaonera papepala. Kuchulukitsa mphamvu kawiri kumangowonjezera ma decibel (muyeso wa kukwera kwa mawu) 3, omwe ndi kusintha komveka koma kochepa. Kuti mawu amveke ngati akwera kawiri pamafunika ma decibel pafupifupi 10, kutanthauza mphamvu yochuluka kakhumi. Kuchoka pa ma watt 350 kufika pa 500 ndi decibel imodzi ndi theka basi, ndipo ng'oma zikayamba simungaizindikire.

Kuwonjezera bokosi lachiwiri la 8 lofanana ndi loyamba n'kumene kumasintha zinthu. Hedi imatsikira pa 4 n'kupereka mphamvu yonse, masipika okankha mpweya amachuluka kawiri, ndipo zonse pamodzi zimafika cha m'ma decibel 5 kapena 6 pa mawu akuya. Mukasanjikiza, bokosi lapamwamba limakhala pafupi ndi makutu anu, mumadzimva bwino, n'kusiya kulimbana ndi wa kiyibodi. Wogula la 4 pa hedi ya 4 wadzitsekera khomo limeneli.

Onaninso nambala ya sensitivity, yomwe imanena kukwera kwa mawu pa watt imodzi, mita imodzi kuchokera pa bokosi. Bokosi la ma decibel 100 limafuna theka la mphamvu imene la 97 lingafune kuti amveke mofanana.

12. Ndinamva kuti ampu yaing'ono ndi imene imawotcha masipika. N'zoona?

Pang'ono chabe. Ampu ya ma watt 50 singawotche bokosi la 800 chifukwa chochepa mphamvu. Zikanatero bwenzi masipika akupsa tikatsitsa voliyumu. Chimene chimachitika n'chakuti mwini ampu yaing'ono amaitsegula mpaka kumapeto, mawu amasweka, kagetsi ka clip (kochenjeza kuti ampu yafika pa malire ake) n'kumangoyaka. Ampu ikafika pamenepo imatulutsa mphamvu yoposa imene inalembedwa, komanso mawu akuthwa ochuluka, ndipo amene amayamba kufa ndi ka tweeter, kasipika kakang'ono ka mawu apamwamba. Cholakwa si kuchepa kwa ampu, ndi kuikakamiza.

13. Kodi ndingasanjikize 4x10 pamwamba pa 1x15?

Mungathe, ndipo ambiri amatero chifukwa zimaoneka bwino pa siteji. Koma onani mmene mphamvu imagawikira. Onse akakhala a 8, lililonse limatenga theka. Pa ma watt 500, sipika ya 15 ikusenza 250 yokha, pomwe ma 10 anayi aja akugawana 250, iliyonse cha m'ma 62. Ya 15 ndi imene iyambe kulira, ndipo popeza ili pansi, pa miyendo panu, simuimva chifukwa 4x10 ikukuwa m'makutu. Masipika anayi a 10 amakankhanso mpweya wochuluka kuposa imodzi ya 15, choncho si zoona kuti ya 15 ndi imene nthawi zonse imabweretsa mawu akuya.

Pa hedi yotsika mpaka 2, mukasakaniza la 4 ndi la 8, la 4 limatenga magawo awiri mwa atatu a mphamvu. Zimenezi zimakhala bwino ngati la 4 ndi 4x10 ndipo la 8 ndi 2x10 ya mtundu womwewo, chifukwa sipika iliyonse imalandira zofanana.

14. Kebulo ya gitala ndi ya sipika zikuoneka zofanana. Ndingasinthanitse?

Ayi. Ya gitala ili ndi kawaya kamodzi kopyapyala pakati, kokutidwa ndi ukonde wotchinga phokoso, ndipo inapangidwira magetsi ochepa kwambiri. Mukaiika pakati pa hedi ndi bokosi imatentha, pulasitiki wa m'kati n'kusungunuka, mawaya n'kugundana kapena kuduka. Kugundana kumapha ampu ya ma transistor, kuduka kumapha ya machubu. Ya sipika ili ndi mawaya awiri onenepa mofanana. Masulani chivindikiro cha jaki muone. Waya wa 1.5 mm² ndi wokwanira pa kebulo yaifupi, wa 2.5 mm² pa yaitali kapena pa mphamvu zambiri.

Ngati hedi ndi bokosi zili ndi bowo la Speakon, lopangidwa ndi kampani ya Neutrik ya ku Liechtenstein, ligwiritseni ntchito. Limakhoma mukalipotoza, silizuka wina akapunthwa pa kebulo, ndipo lilibe chitsulo chapoyera. Kaya ndi jaki kaya Speakon, zimitsani hedi musanazule kapena kulowetsa.

15. Ndawonjezera bokosi lachiwiri koma besi yachepa m'malo mokula. Chavuta n'chiyani?

Mwina mawaya a bokosi limodzi kapena a kebulo imodzi anatembenuzidwa, ndiye pamene lina likukankha mpweya, linalo likukoka, n'kumafafanizana. Tengani batire la 9V, gunditsani mbali ya + kunsonga ya jaki ndi mbali ya − pathupi pake, kwa kanthawi kochepa, uku mukuyang'ana masipika. Onse ayenera kutulukira kutsogolo. Imene yalowa m'kati, sinthanitsani mawaya ake. Zimenezi zimapezeka kawirikawiri m'mabokosi amene anatsegulidwapo, onani funso 8.

16. Ndikugwiritsa ntchito ampu ya PA (ya zokuzira mawu za gulu lonse) ya mbali ziwiri. Bridge ndi chiyani?

Ndi kuphatikiza mbali ziwirizo kuti zikankhe bokosi limodzi. Mphamvu imakwera kwambiri, koma mbali iliyonse imaona theka la ma ohm a bokosilo. Ampu yolola 4 mbali iliyonse imafuna 8 ikakhala pa bridge. Kulumikiza kwake kumasiyananso, choncho tsatirani chithunzi cha kumbuyo kwa ampuyo, ndipo bwererani ku funso 10 chifukwa tsopano muli ndi mphamvu yokwanira kung'amba bokosi m'nyimbo imodzi.

17. Wachibale wanditumizira hedi kuchokera ku America. Pali china choti ndione kupatula ma ohm?

Onani pafupi ndi polowera chingwe cha magetsi musanaiyatse. Ku America magetsi ndi a 120V, pomwe ku Malawi, Zambia, South Africa ndi Britain ndi a 230V. Hedi zina zimalandira onse awiri zokha, zina zili ndi kaswitchi kosinthira, ndipo pamenepo fyuzi nayo imafunika kusintha. Zina ndi za 120V basi. Adaputa ya pulagi imangosintha maonekedwe a mano, sitsitsa magetsi. Hedi ya 120V yokha imafuna thiransifoma yotsitsa magetsi, ya mphamvu yoposa imene yalembedwa pambali pa chingwe, osati ma watt a ku masipika aja.

Mukamayimbira pa jenereta, iyambe yalira n'kukhazikika hedi ili yozima, muyatse ampu pomaliza, ndipo pozimitsa muyambe ndi ampu. Mafuta akayamba kutha jenereta n'kumatsokomola, thamangirani switchi ya hedi jeneretayo isanazime yokha.